Mmene mungakondere anthu osalowa nawo m'zadziko: zomwe ndaphunzira pakhonde la utelala

Ndimasoka zovala pakhonde ku Ndirande, ndipo poloti yomwe ndimakhala ili ndi zitseko zisanu ndi ziwiri. Chitseko chachitatu kuchokera pa changa ndi cha mayi wina amene amatcheza kachasu. Takhala moyandikana zaka zoposa khumi. Madzi timatunga pakiyosiki imodzi, zovala timayanika pachingwe chimodzi, bafa n'limodzi. Ine ndine wa Mvano, iwo sapita kutchalitchi kulikonse. Atsikana ongolowa kumene m'banja akabwera kudzayezetsa madiresi amakonda kundinong'oneza kuti, "Amayi, mumakhala nawo bwanji anthu amenewa?" Ndimawayankha pang'onopang'ono uku ndikupalasa makina, koma lero ndati ndilembe zonse pamodzi.

Ndiyambe ndi pamene ndinalakwa. Nditangovala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, ndinkaganiza kuti kupatulika ndiko kutalikirana ndi anthu. Aneba angawa ndinkawapatsa moni wapakamwa chabe. Mbale yanga sinkalowa m'nyumba mwawo, ndipo ana anga ndinawaletsa kusewera ndi ana awo. Usiku wina mwana wawo wamng'ono anadwala malungo aakulu mpaka kuyamba kukomoka. Mayiwo anadutsa chitseko changa, nyali ikuyaka chifukwa ndinali ndikumalizitsa zosoka, n'kukagogoda poloti ina kwa bambo wina amene amamwa pakhomo pawo. Bambo ameneyo ndiye anabereka mwanayo kukasaka galimoto yopita ku Queens. M'mawa nditamva ndinawafunsa chifukwa chake sanandidzutse. Anandiyankha mofatsa, opanda mkwiyo uliwonse: "Ndimaopa kukudetserani pakhomo, amayi." Mwana anachira, koma ine mawu amenewo anandidwalitsa sabata yathunthu. Munthu woledzera anachita za Msamariya uja, ine wa yunifolomu ndili pamakina.

Vesi limene linanditsegula maso ndi Yakobo 1:27. Limati chipembedzo choyera pamaso pa Mulungu ndicho kucheza ndi ana amasiye ndi amayi amasiye m'masautso awo, ndiponso kudzisunga wosadetsedwa ndi dziko. Zinthu ziwiri m'vesi limodzi, ndipo kuyendera anthu ndi kumene kwatchulidwa koyamba. Ine ndinali nditang'amba vesilo pakati n'kusunga theka lomaliza lokha. Pambuyo pake ndinaonanso kuti Yohane 3:16 akuti Mulungu anakonda dziko, pomwe 1 Yohane 2:15 akuti musakonde dziko. Si kutsutsana ayi. Dziko loyambalo ndi anthu. Lachiwirilo vesi 16 likulimasulira lokha: chilakolako cha thupi, chilakolako cha maso, ndi kudzitamandira ndi za moyo uno. Ndipo Ambuye Yesu popempherera ophunzira ake pa Yohane 17:15 ananena poyera kuti sakupempha kuti achotsedwe m'dziko, koma kuti atetezedwe kwa woipayo. Tsono tiyeni ku ntchito yake.

Dziwani chimene mukukana, ndipo chikhale chochita, osati munthu

Tengani pepala mukhale pansi nokha, mulembe zinthu zimene simudzachita zivute zitani. Langa lili m'Baibulo mpaka lero, ndipo ndi lalifupi. Sindisonkha ndalama ya ula. Sindigula mowa kapena kuthandiza kuugulitsa. Sindinamiza kasitomala. Sindipereka kapena kulandira chiphuphu. Sindikongoza katapila. Sindisenza miseche. Mukaonetsetsa, mulibemo dzina la munthu kapena mtundu wa anthu. Mukapeza kuti pepala lanu likuti "sindicheza ndi a pabala" kapena "sindidya kwa Asilamu," ling'ambeni muyambirenso. Paulo analembera Akorinto, pa 1 Akorinto 5:9-10, kuti sankatanthauza kuti aleke kuyanjana ndi anthu ochimwa akunja kwa mpingo, pakuti kutero kukanafunika kuti atuluke m'dziko momwe.

Chifukwa cholembera pasadakhale n'chakuti mayesero sabwera pa nthawi yoti muganize. Amabwera muli pakati pa abale, maso onse ali pa inu, mbale yazopereka ili kale pamiyendo panu. Musachulutsenso malamulo amene Mulungu sanaike. Ndinaonapo mayi wina akukana kukhala mphasa imodzi ndi mpongozi wake chifukwa cha thalauzi ndi wigi. Mtsikanayo sanasiye thalauzi, koma anasiya kubwera kudzaona apongozi ake.

Pakagwa vuto, mukhale woyamba kufika

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. "Ayi" wanu adzamveka ngati anthu akuwadziwa manja anu. Munthu amene saoneka pamatenda, saoneka pamaliro, koma amangotulukira tsiku lokana mowa, anthu amamutcha wodzimva, ndipo salakwitsa.

Wina akadwala pa poloti, musafunse kuti "ndithandize chiyani?" Wodwazika matenda sadziwa choyankha, ndipo manyazi amamuchititsa kunena kuti zonse zili bwino. Onani nokha chimene chikusoweka. Phikani phala muthire m'fulasiki. Tengani ana otsala pakhomo adzadye kwa inu, muwasambitse, muwaperekeze kusukulu. Tungani madzi mudzaze zidebe zawo. Ngati wodwalayo wagonekedwa kuchipatala, pitani mukalandire gadiyani ngakhale kwa maola atatu okha kuti akasambe ndi kugona pang'ono. Amene anakhalapo gadiyani akudziwa kuti mphatso yoposa imeneyo palibe. Nyamulani sopo, shuga pang'ono ndi chitenje chosinthira. Pemphero lipempheni kaye: "Aneba, mungalole ndipemphere nanu?" Akalola, pempherani mwachidule, ndipo musasandutse pempherolo ulaliki wowadzudzula maso ali otseka. Akakana, musatenge fulasiki yanu mokwiya. Mawa bweraninso nayo.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, tinasonkhanitsa zovala ndi ufa kupita nazo kumisasa ya m'masukulu. Aneba anga a kachasu aja anatulutsa zofunda ziwiri mwa zitatu zimene anali nazo, n'kukwera nafe minibasi imodzi. Kumeneko palibe amene anafunsa mnzake kuti amapemphera kuti. Ndinabwerako nditaphunzira kuti chifundo sichili mwa ife a mpingo tokha, ndipo kuti nthawi zina Mkhristu ayenera kudzichepetsa n'kulandira kapena kuphunzira kwa amene amamuyesa wotayika. Tsiku limene mpunga wawo unalowa m'nyumba mwanga ine n'kudya ndi ana anga, ndi pamene chinansi chathu chinayambadi.

Kanani msanga, kanani pambali, ndipo m'manja mukhale muli kanthu

Kwathu ndi ku Dedza, ndipo mayeso aakulu a chikhulupiriro changa sanandipeze m'tauni koma kumudzi. Achimwene anga anamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka makumi anayi. Anadandaula mutu madzulo, m'mawa kunalibe. Tisanaike n'komwe, manong'onong'o anali atayamba kale kusiwa: imfa imeneyi si yabwinobwino, pali amene wachita. Ndinadziwa kuti tikangochoka kumanda padzakhala msonkhano wa abale, ndipo padzasonkhedwa ndalama yopita kwa sing'anga kukaombeza.

Sindinadikire msonkhanowo. Usiku womwewo ndinapempha amalume, eni mbumba, kuti tikambirane kuseri kwa nkhokwe. Ndinagwada monga mwa mwambo, n'kunena kuti: "Amalume, ndine mwana wanu, ndipo amene wagona apayu ndi mlongo wanga wa bere limodzi. Bokosi ndagula ine. Ufa ndi ndiwo za mawa ndiwonjezera. Ana awiri a malemu, wamkuluyo ndimutenga akaphunzire kwanga. Koma ikadzakwana nkhani ya ula, chonde musadzanditchule dzina pagulu, chifukwa sindidzasonkha, ndipo sindikufuna kudzakukanirani pamaso pa anthu." Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Wanena bwino kuti wabwera wekha." Sanakondwe, koma sanachite manyazi, ndipo pamsonkhano dzina langa analidumpha.

Taonani zimene zinachitika pamenepo, chifukwa ndi njira imene ndimagwiritsa ntchito kulikonse. Ndinakana nthawi isanakwane. Ndinakanira pambali, kuti munthu wamkulu asachite manyazi pamaso pa ana ake. Ndinanena chimene ine sindichita, osati chimene iwo akulakwa. Ndipo ndinasenza katundu wolemera kuposa amene ndinamukana, kuti wina asadzati chikhristu changa ndi njira yothawira kusonkha. Danieli ali ku Babulo anachita chimodzimodzi: sanagubuduze tebulo la mfumu, koma anapempha mwaulemu kwa woyang'anira kuti awayese masiku khumi ndi zamasamba ndi madzi. Petro nayenso akuti poyankha za chiyembekezo chathu tiyankhe mofatsa ndi mwaulemu.

Pamaliro pomwepo panabwera gule, chifukwa achimwene anali olowa. Mpingo wathu sulola kuti titengeko mbali, ndipo ine sindinapite kubwalo kapena kuwomba m'manja. Koma sindinachokenso pamudzi, sindinatukwane, sindinayambitse nyimbo yakwaya mokweza kuti ndiphimbe ng'oma. Ndinatsala kumoto ndi amayi ena achikulire, tikuphika nsima ya adzukulu. Gule ndi mwambo wa makolo athu Achewa, ndipo amene amavinawo ndi amalume ndi asuweni anga; kuwanyoza sikungawabweretse kwa Yesu. Mipingo imasiyananso kaonedwe kake pankhaniyi. Abale athu Akatolika ku Mua, komweko ku Dedza, anasonkhanitsa ndi kusunga zambiri za gule kuti anthu aziphunzira tanthauzo lake. Inu tsatani chiphunzitso cha mpingo wanu ndi chikumbumtima chanu, koma pakamwa panu pakhale paulemu.

Pali malo amodzi pomwe kukhala chete sikukwanira. Abale ena anapitabe kwa sing'anga, ndipo anabwerako ndi dzina la agogo ena aakazi, achemwali a agogo athu, amene amakhala okha m'kanyumba kakumapeto kwa mudzi. Pamenepo chikondi chinafuna miyendo. M'mawa mwake ndinatenga thobwa n'kudutsa pakati pa mudzi, anthu onse akuona, kukakhala pakhonde pawo. Ndinawasesera, ndinawachapira, ndinadya nawo mbale imodzi. Kenako ndinapita kwa amfumu ndi mkulu wa mpingo wa kumudziko kukawauza kuti agogowa moyo wawo uli pachiswe. Ndinawakumbutsa za agogo anayi amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016 atawaganizira za ufiti, komanso kuti lamulo la dziko lino, lomwe lilipo kuyambira 1911, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Amfumu anaitanitsa abale n'kuwachenjeza. Agogowo anakhala zaka zina zitatu, anamwalira ndi ukalamba pamphasa pawo. Asuweni ena mpaka lero sandipatsa moni wabwino. Akadwala ndimapitabe.

Ndalama, pamene ambiri timagwera

Muli ndi m'bale chidakwa? Ine ndili naye, mlamu wanga. Akabwera kudzapempha, sindimupatsa ndalama m'manja, komanso sindimubweza chimanjamanja. Akati kunyumba kulibe ufa, ndimatuma mwana akagule ufa n'kukausiya kwa mkazi wake. Akati mwana wathamangitsidwa kusukulu, ndimapita ndekha kukalipira n'kutenga lisiti. Akabwera ataledzera sindikambirana naye kanthu. Ndimamupatsa madzi ndi nsima, ndimamuuza kuti abwere mawa m'mawa. Zoti mowa ukumuwononga ndinamuuzapo maso ndi maso, ali bwinobwino, tili awiri, ndipo sindibwereza tsiku lililonse. Munthu amene mumamudzudzula nthawi zonse amasiya kukumvani ngati mmene timasiyira kumva phokoso la chigayo.

Za katapila, musalowemo ngakhale phindu lake likuoneka lokoma. Munthu wobwereka K10,000 kuti adzabweze K15,000 pakutha pa mwezi sabwera chifukwa wakhuta. Wapanikizika, ndipo inu mukudyera pa kupanikizika kwakeko. Ine lamulo langa ndi ili: ndimakongoza ndalama yokhayo imene ikapanda kubwera sindidzadana naye munthuyo. Ikakhala K3,000, ndi yomweyo. Kuposa apo ndimanena zoona kuti sindingathe. Ambuye pa Luka 6:35 anati tikongoze osayembekezera kanthu, ndipo ndaona kuti mawu amenewa amateteza mtima wa wokongozayo kuposa thumba la wokongolayo. Ku banki mkhonde ndimapita, koma mayi wina atalephera kubweza chifukwa mwamuna wake anagonekedwa kuchipatala, anzathu n'kunena kuti tikamulande matiresi ndi mapoto, ndinakana kupita nawo ndipo ndinapempha kuti timuwonjezere miyezi iwiri. Ena anandida tsiku limenelo.

Pantchito yanu, zadziko zimalowa mwakachetechete. Ife atelala tili ndi machimo athu odziwika. Loyamba ndi "mubwere mawa," ukudziwa bwino kuti nsaluyo sunaidule n'komwe. Lachiwiri ndi kusunga nsalu yotsala: kasitomala wabweretsa mamita anayi, diresi yadya atatu, inayo yasanduka siketi ya mwana wako. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulusi, mazipi ndi mabatani zinakwera mtengo nthawi imodzi, ndipo chiyeso chogula zipi yosalimba n'kulipiritsa mtengo wa yolimba chinali chachikulu. Ndinasankha kukweza mtengo poyera n'kufotokoza chifukwa chake. Makasitomala ena anathawa, ena anabwerera. Nsalu yotsala ndimaipinda n'kuiika m'jumbo limodzi ndi chovala, ngakhale ikhale kachidutswa kongokwana duku. Inu fufuzani machimo a ntchito yanu. Wogulitsa chimanga akudziwa za ndowa yophwanyidwa pansi, kondakitala akudziwa za chenji, wa mu ofesi akudziwa za "kangachepe ka fanta."

Kangachepe kameneko nanenso kanandipeza. Panali oda ya mayunifolomu a ana pasukulu ina, ndipo amene ankapereka odayo anati ndimuikireko yake pamwamba pa mtengo wa yunifolomu iliyonse. Ndalama imeneyo ikanachokera m'matumba a makolo ogulitsa tomato ndi makala. Ndinamuyankha kuti, "Bambo, ntchitoyi ndikuifuna kwambiri, koma mtengo wanga ndi womwewu, sindingaonjezere za pambali." Oda inapita kwa wina, ndipo mwezi umenewo lendi ndinalipira mochedwa. Sindikulonjezani kuti Mulungu adzakubwezerani kawiri sabata yomweyo. Kwa ine sizinatero. Koma bambo yemweyo mkazi wake atamwalira, ndinakagona kusiwa ngati mmene ndikanachitira kwa wina aliyense.

Nthawi ya kampeni, monga ya chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, pakhonde panga pamadzaza nsalu za zipani zamitundumitundu. Ndimasoka zonse pamtengo umodzi, ndipo amayi a zipani zosiyana amakhala benchi imodzi kudikira. Chimene sindilola ndi kutukwanizana mitundu. Wina akayamba zoti "anthu akumpoto" kapena "Alomwe" kapena "Achewa inu," ndimaimitsa makina n'kunena kuti, "Pano ayi, amayi, onsewa ndi alendo anga."

Zadziko zina zimavala yunifolomu

Izi ndizinena ngakhale zikuwawa. Miseche yoopsa imene ndinaimvapo sinachokere kushabini. Inachokera pakati pa ife amayi opemphera, itakutidwa ndi mawu oti "timupempherere mnzathu, mwamva zimene wachita?" Pakhonde la telala nkhani zimabwera zokha, chifukwa munthu ukamuyeza m'chiuno umadziwa kuti ndi woyembekezera amake asanadziwe. Njira yanga ndi iyi: nkhani ikayamba ya munthu amene palibe, ndimafunsa kuti, "Mwakamba naye mwini wakeyo?" Kawirikawiri imathera pomwepo. Ikapitirira ndimati, "Tiyeni tipite limodzi tikamuone." Palibe amene anavomerapo ndi mtima wofuna miseche.

Mtsikana wina wa kwaya atatenga mimba asanakwatiwe, mpingo unamuimika monga mwa malamulo ake, ndipo ine sindinatsutse. Koma kuimikidwa pa mgonero si kuchotsedwa pa umunthu. Anzake onse anamuthawa. Ndinamusokera madiresi awiri otakasuka, ndinamuperekeza kusikelo ulendo woyamba, ndipo Lamulungu ndinkamudutsira kuti tikakhale limodzi kumbuyo. Agalatiya 6:1 akuti wogwa mumubweze ndi mzimu wofatsa, uku mukudziyang'anira nokha. Sindinamuuzepo kuti zimene anachita zinali zabwino, ndipo iye sanayembekezere kuti nditero.

Yang'ananinso mpikisano wa zovala. Ndine telala, ndimadya pomwepo, komabe mtima umandipweteka mayi akatenga ngongole kuti asoketse chovala chatsopano cha Paper Sunday kapena cha perekaniperekani, ana kunyumba akudya kamodzi. Ndimawauza kuti, "Bweretsani ija ya chaka chatha ndiikonze manja ndi khosi, palibe adzaizindikire." Yakobo yemwe uja, pa mutu 2, anadzudzula mpingo wopatsa mpando wabwino munthu wa mphete yagolide n'kuimika wosauka kumbuyo. Lamulungu likubwerali, onani amene wakhala yekha atavala zakale, mukakhale naye ndi kumufunsa dzina.

Dziwani pamene mwendo wanu umaterereka

Yesu anadya ndi okhometsa msonkho m'nyumba ya Mateyu ndipo sanasinthike, koma inu ndi ine tili ndi malo ofooka. Mwamuna amene wasiya mowa chaka chathachi asadzipatse utumiki wokalalikira kushabini. Akumane ndi anzake akalewo m'mawa, pabwalo la mpira kapena kunyumba kwake pa tiyi. Mayi asamayendere yekha bambo wa mavuto a m'banja, ngakhale cholinga chikhale choyera chotani. Ambuye anatuma ophunzira awiriawiri, ndipo ife a Mvano sitiyenda m'makomo mmodzimmodzi pa chifukwa chomwecho. Ine chofooka changa ndi mkwiyo ndi pakamwa, tsono pamene pali mkangano ndimayamba ndapemphera ndi kumwa madzi ndisanatsegule kukamwa, ndipo ndili ndi mayi mmodzi wachikulire mumpingo amene ndimamuuza zonse, amene saopa kundiuza kuti ndalakwa.

Ana ndiwo amafuna nzeru zambiri. Ana anga tsopano amasewera ndi ana a aneba, amadyera limodzi, amalembera limodzi homuweki patebulo langa lodulira nsalu. Malire ake ndi awa: salowa m'nyumbamo nthawi imene muli makasitomala, ndipo satumidwa kukagula shuga wa kachasu kapena kunyamula mabotolo. Izi sindinauze ana okha. Ndinakhala pansi ndi mayiwo n'kuwauza poyera. Anati, "Ngakhale anga sindifuna azikhalamo, koma ndiwaike kuti?" Kuyambira tsiku limenelo, Lachisanu ndi Loweruka madzulo ana awo amakhala kwanga mpaka anthu atabalalika. Ana anga ndimawaphunzitsa kuti mowa umawononga, komanso kuti mayi aja ndi amayi awo, awalandire katundu akamachokera kumsika ndipo awapatse ulemu wonse.

Ena mumpingo anandifunsapo ngati sindikulimbikitsa tchimo posunga ana kuti amawo agulitse bwino mowa. Ndinaliganizira funsolo masiku ambiri, chifukwa si lopusa. Yankho limene ndinafikapo ndi lakuti mowawo ugulitsidwa ndithu, ana akhale kwanga kapena ayi. Chimene chili m'manja mwanga n'chakuti mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu asakhale pakati pa amuna oledzera usiku.

Za kachasuyo ndinakamba nawo kawiri pa zaka zonsezi. Ndinawauza kuti ndimawakonda, kuti ntchitoyi ikupha ana a anzathu, ndipo kuti Mulungu ali ndi njira ina. Anandiwerengera pa zala: lendi, fizi ya ana atatu, mwamuna anapita ku Joni zaka zisanu ndi zitatu zapitazo osatumiza ngakhale uthenga. Ndinalibe yankho lachangu, ndipo ndinaona kuti kuuza munthu kuti asiye chimene chikumudyetsa, iwe osagwirapo dzanja, n'kumusenzetsa katundu amene iwe sukumukhudza ndi chala. Tinayesa mandasi, phindu lake linachepa mafuta ophikira atakwera. Pano tikuyesa zina. Makina anga akale a mapazi ndinawakonzetsa, ndipo mwana wawo wamkulu amakhala pambali panga akaweruka kusukulu. Wayamba ndi kupinda m'munsi mwa masiketi ndi kukonza zakaunjika, ndipo ndalama ya zimene wasoka yekha ndi yake.

Mayiwo sanasiye kutcheza, ngakhale masiku achepa, ndipo kutchalitchi anabwerako kamodzi kokha, tsiku la ubatizo wa mdzukulu wanga. Ndimawatchula dzina m'pemphero m'mawa uliwonse ndisanatsegule makina. Loweruka lapitali mtsikana uja anaika zipi yake yoyamba yosakhota pa siketi yasukulu. Amake anasiya moto uli pambaula, anaitenga siketiyo m'manja, n'kuzungulira nayo zitseko zonse zisanu ndi ziwiri akuonetsa anthu.